Mbiri ya Bisiketi ya Manyuchi a Nzimbe

Nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira, m'nyumba zambiri za ku New England, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, mumamveka kafungo ka jinja ndi sinamoni. Amayi amatulutsa m'firiji mtanda wa ufa wokandakanda umene wagona usiku wonse, nauika pathebulo lowazidwa fulawa, n'kuyamba kuupapatiza ndi kamtengo kobulungira mpaka utapyapyala. Akatero amadula tizidutswa, tina tozungulira, tina tooneka ngati nyenyezi kapena tianthu, n'kutilowetsa mu uvuni. Chimene chimapatsa mabisiketi amenewa mtundu wofiirira ndi kukoma kokhala ndi kakuwawa pang'ono ndi manyuchi akuda a nzimbe, amene eni akewo amawatchula kuti molasses. Funso limene munthu wokonda mbiri angadzifunse ndi ili: zinatheka bwanji kuti anthu a dera lozizira chotere, kumene nzimbe singamere n'komwe, akhale ndi chakudya cha makolo chophikidwa ndi madzi a nzimbe?

Tisanapite patali, tiyambe tadziwa chimene manyuchiwa ali. Nzimbe ikafinyidwa, madzi ake amawiritsidwa mpaka atalimba ndi kuyamba kupanga timibulu ta shuga. Komatu si madzi onse amene amasanduka timibulu. Pamatsala madzi ena onanda, akuda, amene amakana kuuma ngakhale muwawiritse chotani. Amenewa ndiwo manyuchi. M'mafakitale a masiku ano amawiritsa katatu. Manyuchi otsala pa ulendo woyamba amakhala oyererako ndi otsekemera kwambiri, a ulendo wachiwiri amaderako, pamene a ulendo wachitatu, otchedwa blackstrap, amakhala akuda bii ndi owawa, ngakhale ali ndi mchere wa ayironi ndi kashiyamu wambiri. Dzina lakuti molasses linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti melaço, amene muzu wake ndi mawu a Chilatini otanthauza uchi. Ku Britain amakonda kuwatchula kuti treacle. Mwachidule tinganene kuti manyuchi ndi gaga wa shuga, chotsalira chimene mwini fakitale sanachifune poyamba.

Nzimbe inayamba kulimidwa pachilumba cha New Guinea zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo luso lopanga shuga wa mibulu linatulukira ku India. Aluya anafalitsa mbewuyi m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kenaka Apwitikizi anaitenga m'zaka za m'ma 1400 n'kukaibzala pazilumba za Madeira ndi São Tomé. M'chaka cha 1493, pa ulendo wake wachiwiri, Christopher Columbus anatenga mbewu ya nzimbe kupita nayo pachilumba cha Hispaniola. Pofika m'ma 1500 nzimbe inali itazika mizu ku Brazil, ndipo m'ma 1640 Angerezi a pachilumba cha Barbados anasiya fodya ndi thonje n'kudzaza chilumba chonse ndi nzimbe. Jamaica, Martinique, Guadeloupe ndi Saint-Domingue, dziko limene lero ndi Haiti, anatsatira njira yomweyo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ulimi wa nzimbe unkafuna manja ambiri, ndipo manjawo anachokera ku Africa. Akatswiri a mbiri amene anawerengera zolembedwa za sitima zapamadzi anapeza kuti anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'sitima za akapolo zowoloka nyanja ya Atlantic, ndipo amene anafika ndi moyo kutsidyako anali pafupifupi 10.7 miliyoni. Ambiri mwa iwowa anathera m'madera a nzimbe a ku Brazil ndi zilumba za Caribbean. Nzimbe ikadulidwa sichedwa kusasa, choncho imayenera kufinyidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Pa chifukwa chimenechi, nyengo yokolola zigayo zinkagwira ntchito usana ndi usiku. Akapolo olowetsa nzimbe pakati pa migudumu itatu ya chigayo ankatopa mpaka kusinza ali chiimire, ndipo olemba a nthawi imeneyo amasimba kuti pambali pa chigayo pankakhala chikwanje chodulira mkono wa munthu amene wakodwa, kuti thupi lonse lisakokedwe.

Madzi a nzimbe akachoka pachigayo ankapita m'nyumba yowiritsira, mmene munali mzere wa miphika ya mkuwa, kuyambira waukulu kukathera ndi waung'ono. Kapolo wodziwa ntchito ankathira laimu kuti zinyalala ziyandame, n'kumasamutsa madziwo mphika ndi mphika mpaka atalimba. Shuga wonyowayo ankamuthira m'migolo yamatabwa yobooka kunsi kapena m'mbiya zadothi, ndipo kwa milungu ingapo manyuchi ankadontha pang'onopang'ono kulowa m'chitsime chimene chinali pansi. Shuga ankapita ku London, Bristol, Nantes ndi Bordeaux kukayeretsedwa kuti adyedwe ndi anthu opeza bwino. Nanga manyuchi otsalawo? Ena ankadyetsa ziweto ndi akapolo, ena ankatchezera kachasu wotchedwa ramu, ndipo ena onse anayenera kupezeredwa msika.

Msikawo unapezeka ku New England. Dera limeneli lili ndi nthaka yamiyala ndi dzinja lalitali lachisanu, kotero atsamunda Achingerezi amene anakhazikika ku Massachusetts, Rhode Island ndi Connecticut analibe mbewu yamtengo wapatali yoti agulitse ku Ulaya. Chimene anali nacho chinali nsomba, matabwa, akavalo ndi sitima. Eni minda a ku Caribbean, amene anabzala nzimbe paliponse mpaka kusowa polima chakudya, ankafuna zinthu zimenezi. Nsomba za cod zabwino zothira mchere zinkagulitsidwa ku Spain ndi Portugal, pamene zonyenyeka ndi zosauma bwino zinkatumizidwa kuzilumba kuti zikakhale ndiwo za akapolo. Sitima zikamabwerera zinkadzaza migolo ya manyuchi. Umu ndimo madzi a nzimbe analowera m'makhichini a dziko lachisanu.

Gawo lalikulu la manyuchiwa linkapita kwa otcheza ramu a ku Boston, Medford, Newport ndi Providence. Ramuyo wambiri ankamwedwa komweko, koma wina ankakwezedwa m'sitima kupita kugombe la kumadzulo kwa Africa kukasinthanitsa ndi anthu. Kadera kakang'ono ka Rhode Island kokha kanatumiza maulendo oposa 900 a malonda a akapolo pakati pa 1709 ndi 1807, ndipo maulendowa ananyamula Aafirika oposa 100,000. Choncho panali mkombero: kapolo ankapanga manyuchi, manyuchi ankasanduka ramu, ramu ankagula kapolo wina. Mayi amene ankatunga manyuchi mumgolo wa m'sitolo ya m'mudzi ku Connecticut mwina anali asanaonepo munda wa nzimbe chibadwire, komabe kambiya kake kankadzazidwa kuchokera mumkombero womwewo.

Manyuchi anayambitsanso mkangano wa ndale. Dziko la France linkaletsa ramu kulowa m'misika yake pofuna kuteteza mowa wake wa brandy, motero eni minda a pazilumba za Afalansa ankagulitsa manyuchi awo motchipa kwambiri. Amalonda a ku Boston anathamangira komweko, zimene zinakwiyitsa eni minda Achingerezi a ku Barbados ndi Jamaica, amene anali ndi abwenzi m'Nyumba ya Malamulo ku London. M'chaka cha 1733 nyumbayi inakhazikitsa lamulo la Molasses Act, lolamula msonkho wa makobiri 6 pa galoni iliyonse ya manyuchi ochokera kumadera osakhala a Angerezi, ndalama imene agogo athu ankaitcha sikisi. Lamuloli linangokhala la papepala. Amalonda ankazembetsa migolo usiku, kapena kupereka kangachepe kwa okhometsa msonkho kuti ayang'ane kumbali.

Zinthu zinasintha nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri itatha mu 1763, pamene boma la Britain linapezeka ndi ngongole yaikulu. Mu 1764 linatulutsa lamulo la Sugar Act, limene linatsitsa msonkho kufika pa makobiri 3, ndiye kuti tiki, koma ulendo uno linatumiza sitima zankhondo kukagwira ozembetsa ndi kuwazenga milandu m'makhoti opanda oweruza anzawo. Msonkho wochepa wotoleredwa unawawa kuposa msonkho waukulu wonyalanyazidwa. Atsamunda anayamba kufunsa kuti nyumba ya malamulo imene iwo alibemo owayimira ili ndi mphamvu yanji yowakhometsa msonkho. Mu 1766 msonkhowo unatsitsidwanso kufika pa kobiri limodzi, koma funsolo silinafe, ndipo linakula mpaka kulengeza ufulu mu 1776. John Adams, pulezidenti wachiwiri wa America, analemba m'kalata ina mu 1818 kuti saona chifukwa chochitira manyazi povomereza kuti manyuchi anali chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zinabweretsa ufulu wa dziko lake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ufuluwo sunafike kwa amene ankawiritsa manyuchiwo.

Tsopano tilowe m'khichini. M'zaka za m'ma 1700 shuga woyera ankagulitsidwa ngati chibuma cholimba chosongoka kumutu, ndipo anali wodula kotero kuti ankatsekeredwa m'kabati kudikira alendo. Banja wamba linkadalira manyuchi. Ankawathira m'phala la chimanga, m'nyemba zophika usiku wonse zimene zinatchukitsa mzinda wa Boston, mu buledi wofiirira wophikidwa ndi nthunzi, ngakhalenso m'mowa wa pakhomo. Kuchokera ku Ulaya atsamundawa anabwera ndi chizolowezi cha buledi wa jinja, amene kale ankapangidwa ndi uchi ndi nyenyeswa za buledi. Uchi utalowedwa m'malo ndi manyuchi, ndi nyenyeswa zitalowedwa m'malo ndi fulawa, panabadwa mtanda wolimba woti n'kupapatiza ndi kudula. Pa tsiku limene amuna a m'mudzi ankasonkhana kuphunzira zausilikali, ogulitsa ankabwera ndi madengu a buledi wa jinja ameneyu, ndipo ana ankasunga kakobiri kawo kudikira tsikulo.

M'chaka cha 1796, mumzinda wa Hartford, munatuluka buku lotchedwa American Cookery, lolembedwa ndi Amelia Simmons, mayi amene anadzitchula yekha kuti ndi mwana wamasiye wa ku America. Limeneli limadziwika kuti ndi buku loyamba la kaphikidwe lolembedwa ndi munthu wa ku America ndi kusindikizidwa komweko. M'bukumu muli mawu akuti cookie, amene anachokera ku chilankhulo cha Adatchi amene anakhazikika ku New York, ndipo amatanthauza kakeke kakang'ono. Mulinso njira yophikira buledi wa manyuchi: mapaundi 4 a fulawa, amene ndi pafupifupi makilogalamu awiri, manyuchi osakwana pang'ono lita imodzi, batala wochepa, sinamoni, ndi ufa wina woyera wotchedwa pearlash wosungunulidwa m'madzi. Mayi Simmons analangiza kukanda mpaka mtandawo utalimba, kuphika pa moto wamphamvu kwa mphindi 15, ndi kusamala kuti zisapserere.

Pearlash ameneyu si wachilendo kwa mayi wa ku Malawi. Ndi mbale wake wa chidulo. Atsamunda ankagwetsa nkhalango kuti apeze minda, n'kuwotcha mitengo, kusefa phulusa lake ndi madzi, kuwiritsa madziwo mpaka ataphwa, kenaka kukazinga zotsalazo mpaka zitayera. Malonda a phulusa anali aakulu kotero kuti chiphaso choyamba choteteza luso chimene boma la America linapereka, pa 31 July 1790, chinapita kwa Samuel Hopkins chifukwa cha njira yake yopangira potashi ndi pearlash, ndipo anachisainira ndi George Washington. Manyuchi ali ndi asidi pang'ono. Asidiyo akakumana ndi chidulo pamatuluka mpweya wa carbon dioxide, umene umatupitsa mtanda nthawi yomweyo popanda kudikira yisiti kapena kumenya mazira ambiri. Ndi nzeru yomweyo imene imatupitsa chigumu pamene soda wakumana ndi nthochi zakupsa kapena chambiko. Vuto la pearlash linali lakuti akachuluka ankasiya kakomedwe ka sopo, ndipo jinja ndi manyuchi zinkathandiza kubisa kakomedweko. Mu 1846 John Dwight ndi mlamu wake Austin Church anayamba kupanga soda wophikira ku New York, ndipo pang'onopang'ono soda analanda malo a phulusa.

Pa mabisiketi onse a manyuchi, amene mbiri yake imakhudza mtima kwambiri ndi otchedwa Joe Froggers, a m'tauni ya asodzi ya Marblehead ku Massachusetts. Dzinali limakumbutsa Joseph Brown, amene anabadwira mu ukapolo cha m'ma 1750, mayi ake ali Mwafirika, bambo ake a mtundu wa Wampanoag, eni nthaka a deralo. Iye anamenya nawo nkhondo ya ufulu wa America ndipo anakhala mfulu. Pamodzi ndi mkazi wake Lucretia, anatsegula nyumba yogulitsiramo zakumwa paphiri lotchedwa Gingerbread Hill, pafupi ndi dziwe limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Anthu a ku Marblehead amasimba kuti Lucretia ndiye ankaphika mabisiketi aakulu ngati masamba a kakombo a padziwepo, osakaniza manyuchi, ramu ndi madzi amchere, opanda mazira kapena mkaka. Popeza manyuchi amasunga chinyezi ndipo munalibe chinthu chosachedwa kuwola, mabisiketiwa ankakhala milungu yambiri osalimba ngati mwala, choncho asodzi ankawanyamula m'migolo popita kukasodza kutali ku Grand Banks.

Taganizirani, owerenga, mmene zinthu zinalukanirana pamenepa. Banja la anthu akuda omasuka linkapeza chakudya chake pophika ndi manyuchi owiritsidwa ndi anthu akuda anzawo amene anali akadali mu unyolo, ndipo mabisiketiwo ankadyedwa ndi asodzi amene zina mwa nsomba zawo zinkakadyetsa akapolo omwewo. Palibe angaloze chala Lucretia Brown, chifukwa m'tauni ya m'mbali mwa nyanja nthawi imeneyo panalibe kobiri limene silinanunkhe manyuchi. Joseph anamwalira mu 1834, ndipo mkazi wake anapitiriza kuphika mpaka ukalamba, namwalira mu 1857. Onaninso kuti bisiketiyo inatenga dzina la mwamuna, pamene manja amene ankakanda ndi kupapatiza anali a mkazi. Mbiri ya m'khichini imachita zotere kawirikawiri.

Sikuti anthu onse a nthawi imeneyo ankadya osaganiza. Mu 1791, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain itakana bilu ya William Wilberforce yothetsa malonda a akapolo, anthu wamba anayamba kunyanyala shuga ndi ramu wa ku Caribbean. Thomas Clarkson, amene anayendera madera ambiri a dzikolo, anayerekeza kuti anthu pafupifupi 300,000 anasiya shuga, ndipo amene anatsogolera anali amayi, popeza ndiwo ankagula zapakhomo. Ku America, dokotala Benjamin Rush ndi anthu a mpingo wa Quaker analimbikitsa shuga wochokera ku utomoni wa mtengo wa maple, ponena kuti mulibe thukuta la kapolo. Chaka chomwecho cha 1791 akapolo a ku Saint-Domingue anaukira, nawotcha minda ya nzimbe, ndipo mu 1804 anakhazikitsa dziko la Haiti. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807 ndi kuthetsa ukapolo m'maiko ake ambiri ndi lamulo la 1833, koma chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni chinapita kwa eni akapolo, akapolowo osalandira ngakhale kobiri. Ku America ukapolo unatha mu 1865, ku Cuba mu 1886, ndipo ku Brazil mu 1888.

Nkhani imeneyi ikutikhudza ifenso a kuno. Sitima za Angerezi zitayamba kulondera gombe la kumadzulo kwa Africa, ogula anthu anazungulira kumwera n'kuyamba kudalira kwambiri madoko a Quelimane ndi chilumba cha Mozambique. M'zaka zoyambirira za m'ma 1800 anthu ambiri ochokera m'chigwa cha Zambezi ndi madera a kumtunda kwake anakwezedwa m'sitima zopita ku Brazil ndi Cuba, pamene Afalansa anali atayamba kale kutenga ena kupita nawo kuzilumba za Mauritius ndi Réunion. Pali chinthu chinanso chimene chinawoloka nyanja kuchokera kum'mwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1850 Mngerezi wina dzina lake Leonard Wray anatenga mbewu za mapira a phesi lotsekemera ku Natal, amene ife timawadziwa kuti misale, ndipo mbewuzo zinafika ku America. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 itatseka njira ya manyuchi a ku Louisiana, alimi a kumpoto anafinya misale n'kuwiritsa manyuchi awoawo, ndipo mpaka lero m'madera ngati Kentucky ndi Tennessee anthu amaphikira mabisiketi manyuchi a misale.

M'zaka zomwezo khichini nayonso inkasintha. Mbaula zachitsulo zokhala ndi uvuni zinayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba kuyambira m'ma 1830, ndipo kuphika timabisiketi topyapyala, timene timapserera m'kanthawi kochepa, kunakhala kosavuta kusiyana ndi pamoto wa pachitofu cha njerwa. Amisiri a malata ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa tizitsulo todulira ta maonekedwe a akavalo, mbalame ndi mitima. Ku Salem, m'chigawo cha North Carolina, mudzi umene unakhazikitsidwa mu 1766 ndi Akhirisitu a mpingo wa Moravian, amayi anatchuka ndi kupapatiza mtanda wa manyuchi mpaka kupyapyala ngati pepala, ndipo mabisiketi awo akugulitsidwabe mumzinda wa Winston-Salem. Mu 1896 Fannie Farmer anatulutsa buku la sukulu yophunzitsa kuphika ya ku Boston, limene linalimbikitsa kuyeza ndi kapu ndi sipuni zosalaza pamwamba m'malo mongoyeza ndi maso. Kuyambira pamenepo mtsikana ankatha kuphika bisiketi ya agogo ake ngakhale agogowo atapita kale kumanda.

Kaphikidwe kake sikanasinthe kwambiri kufika lero. Batala kapena mafuta olimba amasakanizidwa ndi shuga pang'ono ndi manyuchi, kenaka amathiramo fulawa wosakaniza ndi soda, mchere, jinja, sinamoni ndi clove. Mtanda wake umakhala wofewa ndi womata, ndipo apa ndi pamene wophika wosaleza mtima amalakwitsa: amangowonjezera fulawa kuti usamate, mapeto ake bisiketi imatuluka yolimba ndi yosakoma. Odziwa amauika pamalo ozizira kwa maola angapo kapena usiku wonse kuti mafuta agwirane ndi kuti fulawa amwe chinyezi. Akatero amadula kagawo kamodzi, kotsalako kali kozizira, n'kupapatiza kuchokera pakati kupita m'mbali. Wofuna bisiketi yokhukhuta amapyapyalitsa kwambiri, wofuna yofewa amasiya mtanda wochindikala pafupifupi theka la sentimita. Moto wa madigiri 180 kwa mphindi 8 kapena 10 ndi wokwanira. Popeza mtandawo ndi wakuda kale, maso sangakuuzeni kuti wapsa, ndiye wophika amadina pang'ono ndi chala kapena kudalira mphuno. Manyuchi a blackstrap ambiri amawapewa chifukwa cha kuwawa kwake.

Chodabwitsa n'chakuti amene anathandiza kugwetsa ufumu wa manyuchi anali mdzukulu wa ku Africa. Norbert Rillieux, wobadwira ku New Orleans mu 1806, mayi ake ali mfulu wa khungu lakuda, anaphunzira zaumisiri ku Paris ndipo m'ma 1840 anatulukira makina owiritsira madzi a nzimbe m'miphika yotsekeka yolumikizana, mmene nthunzi ya mphika woyamba imawiritsa wachiwiri. Njira imeneyi inapulumutsa nkhuni, inachotsa ntchito yoopsa yotunga madzi owira ndi zikho, ndipo inatulutsa shuga woyera bwino. Makina ozungulira mwaliwiro olekanitsa timibulu ndi manyuchi anachita m'mphindi zochepa ntchito imene kale inkatenga milungu. Powonjezera apo, shuga wa mbewu ya beet anadzaza misika. Mtengo wa shuga woyera unatsika, ndipo banja lililonse lofuna kuoneka lotsogola linasiya manyuchi.

Amene anatsala nawo anali osauka. Kum'mwera kwa America, ana a akapolo omasulidwa pamodzi ndi azungu osauka amene ankalima thonje m'minda ya eni, mofanana ndi matenanti a m'minda ya fodya, ankakhalira zinthu zitatu: ufa wa chimanga, nyama yamafuta ya nkhumba ndi manyuchi. Chakudya chimenechi chinkakhutitsa koma chinkasowa michere ina yofunika, ndipo nthenda ya pellagra, yosupula khungu ndi kusokoneza mutu, inapha anthu zikwizikwi. Dokotala Joseph Goldberger, amene anayamba kufufuza nthendayi mu 1914, anaonetsa kuti gwero lake silinali kachilombo koma kadyedwe kosakwanira. Manyuchi ena ambiri anasiya kupita kukhichini n'kuyamba kupita kumafakitale opanga spiriti wa mabomba ndi zinthu zina.

Kusintha kumeneku ndiko kunabala tsoka la pa 15 January 1919. Kudera la North End mumzinda wa Boston, kumene kunkakhala mabanja ambiri osauka ochokera ku Italy, kampani ya United States Industrial Alcohol inali ndi thanki yachitsulo yotalika mamita 15 ndi yotambalala mamita 27, yomangidwa mothamanga mu 1915. Thankiyo inkadontha kuyambira pachiyambi, moti ana ankabwera ndi zitini kudzakokota manyuchi, ndipo m'malo moikonza eni ake anaipaka utoto wofiirira kuti kudonthako kusaoneke. Masana a tsikulo, ili ndi malita pafupifupi 8.7 miliyoni, inaphulika. Funde la manyuchi linathamanga m'misewu pa liwiro loyerekezedwa kukhala makilomita 56 pa ola, n'kugwetsa nyumba, kupinda mizati ya njanji yam'mwamba ndi kumiza anthu ndi akavalo. Anthu 21 anafa ndipo pafupifupi 150 anavulala. Kampaniyo inati ndi zigawenga zimene zinatchera bomba, koma patatha zaka za mlandu, Hugh Ogden, amene khoti linamusankha kuti amve umboni, anagamula mu 1925 kuti thankiyo inali yosalimba. Pambuyo pake malamulo a zomangamanga anakhwimitsidwa, kuti mapulani azisainidwa ndi mainjiniya ovomerezeka.

Manyuchi anabwereranso pathebulo kwa kanthawi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene boma la America linayamba kugawa shuga mwa muyezo mu 1942, ndipo amayi anafukula njira zakale za agogo awo. Muyezowo utatha mu 1947, shuga woyera anatenganso mpando wake. Lero manyuchi a m'botolo ogulitsidwa m'sitolo za ku America ndi odula kuposa shuga, ndipo ambiri amawagula kamodzi pachaka, nyengo ya zikondwerero. Chimene chinali chakudya cha wosowa chasanduka chakudya cha chikumbutso.

Kuno kwathu nzimbe za m'fakitale zinabwera mochedwa. Fakitale ya ku Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966 pansi pa kampani ya Lonrho, ya ku Dwangwa inatsatira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Illovo inatenga zonse ziwiri mu 1997. Manyuchi athu sanalowe m'khichini ngati a ku New England, chifukwa pamene ankafika shuga anali atakhala kale chinthu cha m'golosale iliyonse. M'malo mwake anapita ku Ethco ku Dwangwa, imene inayamba kupanga ethanol mu 1982, ndi ku PressCane ku Chikwawa, imene inayamba mu 2004, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Choncho Mmalawi amakumana ndi manyuchi pokwera minibasi kusiyana ndi pakumwa tiyi.

Mbiri ya maiko imalembedwa kwambiri ndi maina a mafumu, nkhondo ndi mapangano, koma ina imasungidwa m'timapepala tothimbirira ndi mafuta timene mayi amasiyira mwana wake. Pepala la bisiketi ya manyuchi limatchula fulawa, soda, jinja ndi mphindi za pamoto. Silitchula munthu amene anataya mkono pachigayo cha ku Barbados, kapena amene anakwezedwa sitima ku Quelimane osadzaonanso mudzi wake, kapena Lucretia Brown amene luso lake linatchedwa ndi dzina la mwamuna wake. Kudziwa zimenezi sikuletsa munthu kuphika kapena kudya, pakuti bisiketi ilibe mlandu. Kumangomuphunzitsa kufunsa, nthawi iliyonse pamene chinthu chotsekemera chafika patebulo motchipa, kuti anadula nzimbeyo ndani ndipo analandira zingati.